Patani ya Kolala

Mayi a ana,

Musadabwe kupeza makina ali zii. Alamu anu anditengera kuchipatala.

Chibayitsireni katemera dzana, mutu ukungoyandama ngati thonje. Lero ndimasoka diresi la mkwatibwi uja, dzuwa likusewera pansalu, ine n'kumakuonani mutavala lanu tsiku lathu lija, mukuseka nsapato zitakuthinani. Mwadzidzidzi pachifuwa panalemera ngati andisanjika simbi, mpweya n'kuchepa. Ndinati zitha zokha monga kutupa kwa mkono.

Kapepala ka anamwino kamene munati ndisunge bwino, ndinakadula patani ya kolala. Pepani. Koma ndi pakolala pomwepo pamene maso anga anagwera mawu opulumuka ku sizasi: pachifuwa pakapweteka, musadikire. Kaya ndi katemera kaya ndi zina, adokotala akamvetsere okha. Ine ndimangodziwa kuyeza ziuno.

Mkwatibwi akabwera, mumuuze kuti mkono wina wa diresi lake ndilumikiza ndikabwerako. Kenako munditsatire, osathamanga.

Mtimawu ndinakupatsani kalekale. Ndangopita kukauonetsa, kuti eni ake musadzati sindinausamale.

Telala wanu