Guluu wa Mlamu wa Bwana

Lolemba, 3 Malichi

Makatoni enanso 40 lero. Nsapato za ana a sukulu, zonse zoyasama kutsogolo, soli payokha chikopa pachokha. Zobwezedwa zafika mapeyala 31,000. Mosungira katundu mulibenso poponda.

Zaka 22 pa fakitale ino. Ndinalowa ngati womata soli, lero ndikuyang'anira ntchito yonse yopanga nsapato. Manyazi otere sindinawaonepo. Mayi wina wa sitolo pafoni: "Mwana wayenda nazo pamvula kawiri kokha, mayi. Kawiri."

Masana msonkhano wa mamanijala, tonse asanu ndi mmodzi. Mkulu wa kampani, Bwana Tiona (ukapempha chilichonse yankho ndi "tiona"), lero sananene tiona. Anabwera ndi mapepala olemba kale. Kampani yaluza, bodi yapsa mtima. Malipiro a mamanijala tonse adulidwa ndi 20 peresenti, bonasi iwalani. Akuti tisenze limodzi.

Adule. Nsapatozo zinatuluka m'manja mwanga.

Koma pepala lachiwiri. Lipoti lopita ku bodi pa 14 mwezi uno: vuto akuti ndi omata soli, ankapaka guluu mosasamala. Onse 12 achotsedwe ntchito. Pansi pake mzere wosayina, udindo wanga utalembedwa kale. Ndinati cholembera changa chatha inki. Anandipatsa chawo. Ndinachisiya patebulo.

Lachiwiri, 4 Malichi

Za guluu weniweniyo lipoti lili zii. Ndilembe muno, asadzandiiwalitse.

Zaka zonsezi guluu tinkagula malo amodzi, osavuta. Mu Novembala Bwana anasintha, akuti apeza wotchipa. Wogulitsa wake mlamu wawo, mchimwene wa madamu awo. Ngakhale wa pageti amadziwa. Zitini zopanda dzina, fungo ngati la palafini.

Omata soli ambiri ndi amayi. Ndinakhala nawo benchi imodzi zaka zisanu ndi chimodzi. Wamkulu wawo, a Bulashi, ndi amene anandigwira dzanja tsiku loyamba: paka mopyapyala, dikira mpaka guluu asiye kumata chala, ukatero panikiza. Ndikapupuluma ankandimenya ndi chogwirira cha bulashi pa mfundo za zala. Munthu ameneyo lero akhale wosasamala? Asa.

Kunyumba bambo a ana atenga pepala ndi pensulo. Akuti 20 peresenti imeneyo ndi chipinda cha mtsikana wathu kukoleji, ndendende. Ndawauza kuti tichepetsa shuga. Sanaseke.

Lachinayi, 6 Malichi

A Kalikuleta, mkulu wa zachuma, m'ofesi mwanga mmamawa. Zaka zisanu sanapondemo, lero abwera ndi mabisiketi. Kumwetulira mpaka mano a m'mbali.

"Achemwali, ndi pepala chabe. Bodi ikufuna ione kuti tachitapo kanthu."

Ndinawafunsa za galimoto yatsopano ya Bwana, ngati oda yake yaimitsidwa. Anayang'ana kudenga. Ndinafunsanso za alawansi ya nyumba ya Bwana, imene ndamva kuti yakwera mwezi womwewu. Anayamba kuwerenga mabisiketi. Ndiye kusenza limodziko ndi kumeneku: wina katundu pamutu, wina manja m'thumba akuyenda pambali, akubuula nawo.

Potuluka anaima pakhomo. "Paja fayilo yoyesera guluu ija anasayina ndani?" Anafunsa mofatsa, ngati akufunsa nthawi.

Mabisiketi ndapatsa wosesa.

Loweruka, 8 Malichi

Masiku awiri ndikulizemba buku lino. Ndilembe basi.

Lamulo lathu ndi lakale. Guluu watsopano akabwera, timamata nsapato khumi, n'kuzinyika m'ndowa ya madzi masiku asanu ndi awiri. Tsiku lililonse kuzivuula, kuzipinda ndi manja ka 100, kuzibwezeramo. Zikapirira, guluu walowa ntchito. Lamulo limeneli ndaliphunzitsa anthu ambirimbiri, ena ndinawakalipira chifukwa cha lomweli.

Za guluu wa mlamu uja, ine ndinazivuula tsiku lachiwiri, osazibwezeramonso.

Bwana ali chilili pakhomo, akugogoda wotchi ndi chala. Sukulu zitsegulidwa mu Januwale, maoda adzaza, makina angokhala. Ndinapinda. Zisanu ndi zinayi zili bwino. Yachikhumi inali itatseguka kutsogolo, pang'ono, polowa chikhadabo chokha. Ndinaiona. Ndinaiika pansi pa zinzake. Ndinalemba kuti guluu ndi wabwino, n'kusayina dzina langa lonse, lokongola bwino.

Palibe anandigwira dzanja. Ndinkaopa kutchedwa wochedwetsa ntchito, ndipo bonasi ya Disembala ndinkaifuna. Ndinagulira firiji. Ikulira kukhitchini pano ndikulemba.

Ndalakwa, inde. Koma kuti kulakwa kwanga ndi kwa Bwana kusenzedwe ndi amayi 12 opaka guluu amene sanasankhe chitini, zimenezo ayi.

Lamlungu, 9 Malichi

Ndawauza bambo a ana zonse, tikuyanika zovala. Iwo shati yonyowa ili m'manja.

Akuti: "Ndiye mukakana kusayina, fayiloyo aitulutsa."

Aitulutsa.

"Ntchito n'kutha."

Mwina.

Anakamua shati ija kawiri, youma kale madzi. "Ndinakukwatirani muli wouma mutu kale, ndidandaulira ndani?" Basi. Munthu uyu amandikwiyitsa masiku asanu ndi limodzi pa mlungu, lachisanu ndi chiwiri n'kundiliza.

Mtsikana waimba foni madzulo. Akufuna ndalama ya mabuku, nsapato zake nazo zatha. Ndinaseka mpaka anadabwa. Sindinamuuze kanthu.

Lachiwiri, 11 Malichi

Kuitanidwa kumtunda, ofesi ya kapeti. Tiyi m'kapu ya sosa, koyamba m'zaka 22.

Fayilo ija ili patebulo, yotseka, dzanja la Bwana pamwamba pake. Sanazungulire. Ndikasayina lipoti, fayilo isowa, nkhani yatha, chaka chamawa malipiro abwerera. Ndikakana, fayilo ipita ku bodi, ndipo muli dzina limodzi lokha.

Ndinati ipite. Ndinati ine ndibweretsa chitini chimodzi ndi lisiti lake, bodi iwerenge yokha dzina la wogulitsa.

Nkhope inasintha. "Mayi, mukudziwotcha nokha. Anthu amenewa tiwapatsa kangachepe, akapeza pena. Inu pa msinkhu wanuwu mupita kuti?"

Pa msinkhu wanga! Iwo imvi amazidaya Loweruka lililonse, tonse timaona khosi la shati Lolemba.

Tiyi sindinamwe.

Lachitatu, 12 Malichi

Nkhani ili m'kamwam'kamwa fakitale yonse. Kwa omata soli kuli chete, wailesi yawo yothima. Ntchito ikuyenda, tabwerera ku guluu wakale, soli ikugwira ngati mwala. Manja omwewo, mabulashi omwewo. Umboni wina wotani?

Mmodzi wa iwo, mayi wa ana amapasa, ananditsatira mpaka pampopi. "Tamva kuti mwakana. Inu ndi wathu, amayi, simungatigulitse." Anandigwira mkono ndi zala zomata.

Bola akanandituka. Sakudziwa za nsapato yachikhumi. Ndinangoti bwererani pabenchi, belu lalira.

Lisiti ndalipeza kwa wosunga katundu. Anandipatsa osafunsa, anangoti iye sanandione. Chitini chili pansi pa desiki yanga, ofesi yonse fungo la palafini.

Lachisanu, 14 Malichi

Bodi. Anthu asanu ndi awiri, madzi a m'mabotolo, ine ndi chitini changa m'jumbo.

Bwana analankhula mphindi makumi awiri. Msika wavuta, mvula yachuluka, antchito a masiku ano. Ananenanso kawiri kuti iwo eni adzidula malipiro, dzanja lili pachifuwa. Ndinkayembekeza kuti wina awaombera m'manja.

Itafika nthawi yanga ndinaika chitini patebulo lawo lonyezimira. Lisiti pambali. Apampando, mayi wachikulire wa magalasi okhuthala, anawerenga dzina la wogulitsa, n'kuyang'ana Bwana nthawi yaitali. Bwana dzanja ku fayilo. Ndinawatsogolera. Ndinanena ndekha: ndowa, masiku awiri, nsapato yachikhumi, bonasi. Mawu anatuluka owuma, ngati ndikuwerenga mndandanda wa katundu.

Apampando: "Ndiye mukuti wolakwa ndani?"

Ndinati wogula guluu ndi wovomereza guluu. Tonse tili m'chipinda chino, tavala bwino. Opaka aja ali pansi, sanalakwe kanthu.

Anandiuza kuti ndidikire panja. Ndinadikira maola awiri, kenako mlembi anati ndizipita, ndimva Lolemba. Chitini sanandibwezere.

Lolemba, 17 Malichi

Kalata yabwera isanakwane naini.

Lipoti latayidwa. Omata soli onse 12 atsala. Bwana malipiro adulidwa theka kwa chaka chathunthu, galimoto yaimitsidwa, alawansi yabwerera pakale, mlamu asadzapondenso pageti. Koma mpando akhalapobe, akuti kampani isagwedezeke. Ine ntchito yatha kumapeto kwa mwezi, kuyambira lero ndikhale kunyumba. A Kalikuleta tinakumana pakhonde, anatembenukira kukhoma kuwerenga chikalata cha malangizo a moto.

Zaka 22 zakwana m'katoni imodzi ya nsapato za sayizi 9. Sindinalire. Sindikuwapatsa zimenezo.

Ndinatsikira kwa omata soli kukatsanzika. Ndisaname, mumtima ndinkayembekezera kena kake. Kukumbatiridwa, mwina kanyimbo. Koma wophika tiyi wa ku bodi anali atafika kale ndi nkhani yonse, ya nsapato yachikhumi yomwe. Palibe anadzuka. Wamapasa uja maso pa soli.

A Bulashi sanasiye kupaka. "Ndiye tsiku lachiwiri lija munaiona."

Ndinati inde.

"Ife tinamata 31,000. Milungu iwiri sitinagone, ana athu tinawauza kuti ntchito yatha. Inu mukudziwa."

Ndinafuna kunena za Bwana, za wotchi yawo, za mlamu. Zonse zoona. Sindinanene. A Bulashi anakhudza soli ndi chala, n'kuiika pa makina, n'kutenga ina.

Bwana sindidzawapepesa mpaka kufa, bodi ngakhalenso. A Bulashi ndikukawapepesa mawa kunyumba kwawo, ngakhale akandiimike panja.