Mumutenge Priska Akakumveni Kudimba

Luwinga, Mzuzu

Okondedwa achemwali anga a Otilia,

Musanatsegule bwino kalatayi sambani m'manja, ndipo amene akukuwerengerani aimirire, chifukwa wolemba wake si munthu wamba. Ndine Jeremiya Fanizo, mlangizi wamkulu wa nyumba ya mwana wanga Howard, woyang'anira mpando wa pakhonde, ndiponso munthu woyamba wa kwa Makhuwira kuvala masokosi awiri phazi limodzi.

Muli bwanji kumudziko? Bondo lija likuti chiyani? Ine ndilipo, kungoti kuzizira kwa kuno kwandiumitsa ngati mlamba wowamba. Dzuwa lake limatuluka ndithu, koma lilibe mano. Ng'ala ya m'diso ija akuti aichotsa mwezi wamawa, n'chifukwa chake zilembo zanga zakula ngati mapazi a mvuu. Ndalemba m'malo moimba foni chifukwa makoma a nyumba ino ndi opyapyala.

Nkhani ndi ya mdzukulu wathu Priska, woyamba wa Howard, amene ali Fomu 2. Mukudziwa kuti Howard tsopano ndi mkulu wa mpingo. M'nyumba muno ana amapemphera mosinthana, ndipo wina akati amen, bambo ake amachonga pempherolo ngati aphunzitsi: apa wathamanga, apa waiwala odwala, vesi ilo si la Yohane. Mwana akaswa kapu, chilango chake n'kuloweza salimo. Kukabwera alendo amaitana Priska kuti adzapempherere tiyi m'Chingerezi, alendo n'kuwomba m'manja, tiyi n'kuzizira. Ine ndinkangoseka, ndinkati tili ndi wailesi yosafuna mabatire.

Tsono ubatizo wa anzake a m'kalasi la kutchalitchi wayandikira, ndipo mwanayo wakana. Sanachite mwano, anangoti sanakonzeke. Howard akuti ndi ziwanda za pafoni. Foniyo walanda, ndipo wanena kuti sukulu ikangotsekera apita naye kuphiri, anthu akamupempherere mpaka chimene chili mwa iyecho chituluke. Mayi ake, a Jesinta, amalira kukhitchini n'kumanamizira anyezi.

Tsiku lina ndinamupeza Priska akuchapa kuseri kwa nyumba. Ndinayamba ndi nthabwala yanga ija ya ng'ona imene inandilavula pa Shire chifukwa ndinali wosathira mchere. Sanaseke. Mwana amene ankagubuduka pansi ndi nthabwala imeneyi, achemwali. Nditamufunsa bwinobwino anandiyankha ali chiweramire m'beseni.

"Agogo, ine ndikatsinzina ndimalankhula ndi adadi. Sindikudziwa ngati kuseri kwawo kuli wina amene amandimva. Ndiye ndikaime pamaso pa anthu, ndikaname?"

Ine wa Sitandade 5 ndinangomuthandiza kufinya bulangete.

Madzulo ake ndinamukhazika Howard pansi. Ndinamuuza kuti mwana si ng'ombe yoikokera ku dibi ndi chingwe, ndiponso kuti Mulungu amamva ngakhale pemphero lothyoka miyendo. Anagwetsa nkhope n'kunena kuti ndalankhula zanzeru.

Pempho langa ndi limodzi. Mumuimbire Howard, munene kuti bondo lakula ndipo mukufuna Priska adzakuthandizeni pa holide. Si bodza, bondolo likuwawadi. Inu azakhali ake sangakukanireni, pomwe ine amandiona ngati mwana wina wa m'nyumba, wamkulu pang'ono ndi wodya kwambiri.

Akafika musamuphunzitse kanthu, musamufunse vesi. Mungomupatsa khasu mupite naye kudimba. Ndimakumbukira chaka chija madzi atatenga nyumba yanu ndi mbuzi zonse, mmene munkakanganirana ndi Mulungu uku mukulima mchenga umene unakwirira chimanga. Munkamufunsa m'Chisena ngati anali m'tulo, ngati mbuzi zanu zinamulakwira, kenaka dzuwa likamapendeka n'kumuthokoza chifukwa cha kholowa amene wapulumuka. Panalibe mlendo wowomba m'manja, panalibe wochonga. Ine ndinkakusekani, ndinkati mwapenga, koma ndinkamva ngati pali wina amene waima pa mzere wachiwiri akukumverani. Mwanayu sanamvepo munthu akulankhula ndi Mulungu chonchi.

Ngati zithandize sindikudziwa. Mwina adzabwerera ndi funso lake lomwelo, atangoda ndi dzuwa basi. Koma kuphiri kuja ndikuopa kuti akavomera ndi pakamwa kuti amusiye, ndipo sadzafunsanso munthu aliyense, ngakhale ine.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Symon, kwa mphwanga Ernest wa kabaza, ndi kwa Evelesi ndi ana ake. Masau akapsa musamalize onse, mwini mtengo adakali moyo.

Ndine mlongo wanu wolemekezeka,
Jeremiya

Ndinatsala pang'ono kumata envulopu. Zija ndati ndinamukhazika Howard pansi, ndapeka. Mawuwo ndinawakonza bwino ndili kubafa, koma nditalowa pabalaza ndinamupeza akuimbira akuchipatala za diso langa, ndiye ndinangomufunsa ngati kuli mpira pa wailesi. Za ng'ombe ya ku dibi mwamva inu nokha. Imbani foniyo, achemwali, sukulu isanatseke.