Zilembo za Amalume Pansi pa Ziboliboli Zanga

Yeoville, Joni
9 Ogasiti 1999

Okondedwa Amayi,

Ndayamba ndi kufunsa za moyo wanu. Kodi mwendo uja unaphwa? Ruth anandilembera kuti anakutengerani ku Nguludi pa njinga, koma sananene zimene adokotala anapeza, ndiye mtima wanga sunakhale pansi. Iwe Ruth, powawerengera amayi kalatayi usadumphe mawu ena ayi, uwerenge yonse. Ine thupi lili bwino, kupatula chifuwa chobwera ndi kuzizira kwa kuno. Mumtima ndimo muli zambiri.

Paja ndinakuuzani za chionetsero cha zaluso chimene chimachitikira panja, pabwalo la kapinga kudera la anthu olemera. Kumeneko sikuli ngati m'mbali mwa msewu mmene timangoyala katundu maso ali kwa apolisi. Kuli akomiti amene amayamba aona ntchito ya munthu, akaikonda ndi pomwe amamupatsa malo. Anandikana kawiri. Chaka chino ndinatumiza zithunzi za ziboliboli zanga ndipo anandilola. Ndinasema miyezi inayi osapuma. Chachikulu pa zonse chinali cha mlombwa, mayi akupeta nandolo. Ndinu amene, Amayi, mpaka kapendekedwe kanu ka mutu pothawa makoko.

Loweruka lomaliza la mwezi watha ndinafika m'mamawa ndi Shabani, mnzanga wa ku Mangochi amene timagona chipinda chimodzi. Iye Chingerezi amachitha kuposa ine. Tinayala nsalu patebulo, ndinapukuta chilichonse katatu. Anthu atangoyamba kulowa, mayi wina wachizungu anaima pa chiboliboli chanu chija nthawi yaitali, n'kunena kuti ndimusungire akazungulire kaye.

Kenaka anafika akomiti atatu ndi mapepala awo. Mmodzi, bambo wa ndevu zoyera, ananyamula chiboliboli chanu n'kuchitembenuza. Pansi pake anapeza kamtanda ndi zilembo zija, D.K. Anatembenuza china, n'chimodzimodzi. Anayang'ana papepala n'kufunsa kuti popeza dzina langa ndi Timoti Namaona, D.K. ameneyu ndi ndani.

Amayi, mukudziwa kuti aliyense amene anaphunzira kusema pansi pa mango wa amalume a Dominiko amalemba zilembo zawo. Ndicho chinthu choyamba chimene anandiphunzitsa, ndisanaloledwe ngakhale kugwira kasemasema. Ndiye ndinayankha monga mmene munandilerera. Ndinati amenewo ndi amalume anga, eni ake ntchitoyi, ine ndine mwana chabe. Bamboyo anafunsanso ngati ziboliboli zimenezi ndi za amalumewo. Ndinati inde, chilichonse chotuluka m'manja mwanga ndi chawo. Shabani anandiponda phazi, koma mawu anali atatuluka kale.

Anandiuza kuti lamulo lawo ndi loti munthu agulitse zokhazo zimene wapanga ndi manja ake, ndipo ogulitsa za anthu ena malo awo ndi kumsewu. Shabani anayesa kulongosola kuti ndi ulemu wa kwathu, kuti amalume ali ku Nchema ndipo papita zaka zisanu ndi chimodzi osagwira tchizulo chifukwa cha maso. Ndinawaonetsa zipsera za m'manja mwangamu. Ndinatulutsa tchizulo n'kupempha kuti ndiseme pomwepo iwo akuona. Mayi wina mwa akomitiwo anati zibenthu za mtengo ziipitsa kapinga. Anamwetulira ndithu ponena zimenezo.

Tinalongedza zonse anthu akuonerera. Ife tikutuluka ndi makatoni pamutu, ena anali akulowa ndi ana awo akudya aisikirimu. Mayi wofuna kugula uja ndinamuona patali akubwerera, ndipo ndinazemba kuseri kwa tenti ina chifukwa cha manyazi. Chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti pafupi ndi chipata panali munthu amene ndimamudziwa bwino. Amagula ziboliboli kwa ife osema a kumsewu, amapala pansi pake ndi sandipepa n'kulembapo dzina lake. Ameneyo anakhala tsiku lonse pamthunzi, akomiti akumugwira chanza. Sanasemepo ngakhale chipande.

Panjira Shabani sanandisiye. Anati ulemu wa ku Nchema ndikanausiya pa boda ya Mwanza kuti ndidzautenge pobwerera. Anafunsanso ngati buledi wa madzulo tikamudulire amalume chigawo chawo, popeza zonse ndi zawo. Ndinaseka naye, koma buledi wanga ndinamusiya.

Lolemba lotsatira ndinapita ku ofesi yawo. Atandidikiritsa mpaka masana anati ndikhoza kuyesanso. Akufuna ziboliboli zitatu zatsopano zokhala ndi dzina langa, zifike lisanathe tsiku la 30 Seputembala. Ndikaphonya apa sadzandiyang'ananso, pakuti dzina langa analilemba kale pa anthu onama.

Pempho langa ndi limodzi. Mupite kwa alongo anuwo mukawapemphe kuti andimasule, ndizilemba dzina langa. Musatume Ruth, mupite nokha, ndipo musakawapeze atamwa. Mutenge tambala wofiira uja ngati alipobe. Mukawauze kuti sindikuwanyoza. Luso ndi lawo ndithu, ndipo ndizinena zimenezi kulikonse mpaka kufa. Koma mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

Shabani akuti ndingolemba, amalume adziwa bwanji zinthu za ku Joni. Iyeyo sanalipo tsiku limene Davie wa amayi aang'ono analemba dzina lake pa mitanda imene anasema ija. Ine ndinalipo. Amalume ananena pamaso pa anthu kuti manja otero sakhalitsa pa tchizulo, ndipo chaka chisanathe Davie anadzidula chala chachikulu. Mwina zinangochitika. Koma ndikagwira tchizulo masiku ano ndimayang'ana chala changa, ndipo dzulo ndinalakwitsa mphuno ya chiboliboli, chinthu chimene sindinachitepo chibwerere kuno.

Ndinene zoona, Amayi, pena ndimakwiya. Zaka khumi ndi zinayi ndakhala ndikulemba dzina la munthu wina pansi pa thukuta langa. Zimene ndinasema zili m'nyumba za anthu m'mayiko amene sindidzawaona, ndipo palibe ndi chimodzi chomwe chimene chimandidziwa. Mawu awa okha musakawafikitse kwa amalume.

Makalata amatenga masabata atatu, nthawi zina anayi. Mukachedwa sabata imodzi yokha, yankho lidzandipeza tsiku litadutsa. Ruth alembe tsiku lomwelo, ndipo akaponye ku Limbe, osati kupatsira munthu. Akakana mundiuzebe, musandibisire.

Mupereke moni kwa amalumewo ndi akazi awo, kwa amayi aang'ono, kwa achemwali a Ellina ndi alamu, ndiponso kwa Davie. Inuyo musamalime ndi mwendo umenewo.

Ziboliboli ziwiri ndamaliza kale. Ndazipaka polishi, zili pawindo, koma pansi pake ndasiya popanda kanthu mpaka ndimve kuchokera kwa inu.

Ndine mwana wanu,
Timoti Namaona

Ndalilemba lonse dzinali kuti ndione mmene limaonekera.