Phazi Langa Pakhonde

Wokondedwa mphwanga,

Ndikhulupirira uli bwino ndi alamu kumeneko. Kuno tadzuka. Akundilembera ndi mwana wanga wachisamba uja, poti ine cholembera chinandikana kalekale.

Nkhani ndi ya nyumba tikumangayi. Mmisiri wabwera ndi nzeru zatsopano: simenti wachepetsa, m'malo mwake akusakaniza phulusa la mankhusu a mpunga. Ndinamufunsa kuti, "Amisiri, mukumanga nyumba kapena mukutsuka mapoto?" Anaseka, nati konkire ameneyu adzaona zidzukulutudzi. Ndiye kuti zaka zonsezi ife tinkataya nyumba kudzala.

Akuti amalimba pang'onopang'ono, tizimuthirira madzi mwezi wathunthu. Ntchito imeneyo ndi yanga m'mawa uliwonse, ngakhale ndowa yayamba kundilemera. Kuchipatala ndinapitako. Zimene ananena adokotala si za m'kalata, komanso wolembayu wasiya kulemba, akungondiyang'ana.

Dzulo atathira konkire pakhonde, ndinapondapo dala asanaume. Mmisiri anafuna kusalaza, ndinamuletsa. Bwera mvula isanagwe, mphwanga. Ukachedwa, phazilo udzalipeza kumanzere kwa chitseko. Ndi pamene ndimaima pokudikirira.

Ndine mkulu wako wolongolola uja.