Mvula ya Okutobala Inandinamiza

Bangwe, Limbe
14 Disembala 1997

Okondedwa Bambo,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu pamodzi ndi Mayi kumeneko ku Phalombe. Kodi bondo lija linasiya kutupa? Ife kuno tilipo, ine ndi mpongozi wanu Olive. Masiku ake akuyandikira, kusikelo akuti mwina mu Febuluwale, koma akudzuka bwino.

Nkhani imene ili m'kamwa m'tauni muno ndi El Nino. Kaya wayilesi ya kumudziko munaimva? Akuti madzi a m'nyanja ina yakutali atentha, ndiye chaka chino kuno kugwa chilala. Ine zandizunguza mutu. Madzi atenthe kutsidya kwa nyanja, chimanga chiume ku Bangwe? M'minibasi anthu akungotsutsana. Ena akuti mvula inapita ndi mitengo imene anthu anagwetsa m'phiri la Ndirande chibwerere matipate, ena akuti azanyengo amangolota. Mayi wina anafunsa kondakitala ngati El Nino ameneyu adzaime nawo pachisankho, minibasi yonse kufa nako kuseka.

Ine ndinaseka nawo, koma mantha ndinali nawo. Kamunda kanga ka m'mbali mwa phiri ndi kamene kamatipatsa ufa mpaka mu Ogasiti, ndipo tsopano kukubwera kamwa lina. Choncho mvula itagwa yamphamvu kumapeto kwa Okutobala, ndinati mwina ndi yomweyi. Ndinapempha tsiku kufakitale, ndi kubzala mbewu yonse ya haibulidi imene ndinali nayo.

Munda woyandikana ndi wanga ndi wa a Abdula, atelala a pakhonde la golosale, kwawo ndi ku Machinga. Anandipeza ndili pakati pobzala. Sananene zambiri. Anangolowetsa chala pamzere, nachizula, nandionetsa: kunsonga kunali fumbi louma. Anati imeneyi ndi yozimitsa lupsa chabe, yongotsuka fumbi m'mitengo, ndidikire. Ine ndinawayankha kuti wayilesi yanena kuti chaka chino palibe zodikira. Iwo anati, "Achimwene, wayilesi ilibe munda," basi nabwerera ku makina awo.

Chimanga chinamera bwino, mizere yonse biriwiri, moti ndinkayenda monyada. Kenaka dzuwa linaswa milungu itatu popanda ndi kamtambo komwe. Masamba anapotana ngati anyezi, kenaka kugwa. Ndinayesa kutunga madzi kumjigo ndi ndowa, koma phiri lija ndi ndowa pamutu, ndinangothirira mizere iwiri ndi kugonja.

Mvula yeniyeni inabwera kumapeto kwa Novembala, masiku atatu osakata. A Abdula anabzala tsiku lachiwiri. Atandiona ndili chiimire m'munda wopanda kanthu, sanandiseke. Anandigawira mbale ziwiri za chimanga chamakolo chimene anatsala nacho, ndipo ndabzalanso. Chamera, ngakhale chili m'mbuyo.

Koma chimene ndalembera kalatayi ndi ichi. Kumunsi kwa munda kuli kachigawo kamene Olive analephera kusonkhanitsa mapesi kuti tiotche, chifukwa msana unkamupweteka. Ndinamukalipira kuti wasiya uve m'munda, ndipo ndinangobzala m'mipata ya mapesiwo monyinyirika. Bambo, pamenepo pokha chimanga choyamba chija sichinafe! Lero chafika m'chiuno. Nditafukula pansi pa mapesi masiku a dzuwa aja, dothi linali lozizira, lachinyontho. Olive tsopano akuti ulesi wake ndi umene udzatidyetse mondokwa.

Ndiye ndikudzifunsa: kodi ndi mapesi amene anasunga madzi, kapena ndi chifukwa choti malowo ndi kumunsi? Ngati ndi mapesi, nanga timawaotcheranji chaka ndi chaka? A Abdula akuti mapesi amaitana chiswe. Mwina ndi zoona, chiswe ndachiona, koma chikudya mapesi, chimanga sichinachikhudze.

Pempho langa ndi limodzi. Mundiuze mmene mumadziwira mvula yobzalira. Ndimakumbukira kuti mvula yoyamba ikagwa, anthu ena ali yakaliyakali ndi makasu, inu munkangoyang'ana kuphiri la Michesi, kufumbata dothi, ndi kubwerera kukakhala pansi pa mtengo wa mango. Simunabzalepo kawiri. Munkaona chiyani? Ndi mphepo, ndi inswa, kapena ndi fungo la dothi? Nthawi imeneyo ine maganizo anali pa mpira, ndimati zaulimi ndazitsanzika ndikangokwera basi ya ku Limbe. Lero ndili ndi zaka makumi atatu, ndikuphunzitsidwa ndi chala cha telala. Achemwali a Veronica akhale nanu pansi, mulankhule iwo azilemba, osasiyako kanthu ngakhale kooneka kachabe. Muwonjezerepo ndi maganizo anu pa za mapesizi.

Mundiuzenso ngati kumeneko mwabzala, ndi tsiku limene munabzala.

Moni kwa Mayi, muwauze kuti Olive akuwadikira mu Januwale monga analonjezera. Moni kwa amalume a Yakobe, achemwali a Veronica ndi alamu, ndi ana onse. Pamene ndikumaliza kulemba, kwada bii cha ku Mpingwe ndipo Olive akuanula zovala. Kaya igwa, kaya ingodutsa, ine sindikudziwa. Inu mukanangosuzumira pakhomo ndi kundiuza.

Ndine mwana wanu,
Raymond