Anakutumani Kuchisanu, Bambo Athol

Bambo athu okondedwa, a Athol Rainbird, lero zakwana zaka zitatu chitisiyireni, ndipo chisanu cha Ogasiti chabweranso pa nthawi yake ngati sichinatilakwire kanthu. Madzi aundana m'mipope, mphepo ya kumapiri ikulowera pansi pa chitseko, ife mitima yathu sinapolebe.

Munkadana nacho chisanu inu. Zaka makumi anayi mukuweta nkhosa za eni kuno ku Bothwell, koma osachizolowera. Kadzuwa kakangosuzumira, munkakoka mpando kukalondola khonde lonse, kapu ya tiyi ili m'manja, Amayi akukusekani kuti anakwatiwa ndi buluzi. Kuyambira Juni m'mawa uliwonse munkaunguza mitengo ya kumsewu, kudikira maluwa ake achikasu. Munkati, "Akangotuluka amenewo, ana inu, basi tapulumuka." Chaka chimene munatisiya anatuluka patatha masabata awiri titakuikani m'manda.

Tilembe pano kuti aliyense awerenge. Munamuuza Ashcroft, mwini famu imene munkagwirako ntchito, kuti nkhosa za bere sazimeta mpala mu Ogasiti, amazisiyira kaubweya koti zifunde. Iye anaseka, nati mwakalamba, mwayamba kuopa mphepo. Zinametedwa zonse mpaka pakhungu. Mawa lake masana chipale chofewa chinayamba kugwa, ndipo iye, akuotha moto m'nyumba mwake, anakuimbirani foni kuti mukazitsitse kuphiri zisanafe. Ankadziwa bwino kuti mukudwala chifuwa. Nkhosazo munazitsitsa zonse, koma inuyo chibayo chinakutengani sabata isanathe. Pamaliro panu anangotumiza nkhata ya maluwa, mwini wake osaoneka.

Munkatilangiza kuti tisamasunge chakukhosi. Pokhapo, Bambo, mutikhululukire, sitinakumvereni. Mlandu suola. Graeme, mwana wanu wachisamba, ndiye akutsogolera gulu la ometa nkhosa tsopano, ndipo lumo lake silinakhudzepo nkhosa ya Ashcroft. Magulu ena a m'chigawo chino, anthu amene ankadya nanu m'khola lometera, Ashcroft akawaimbira amangomuyankha kuti masiku anadzaza. Chilimwe chathachi nkhosa zake zinalemedwa ndi ubweya mpaka mphutsi zinalowa. Nkhosazo timazimvera chisoni, iyeyo ayi.

Sabata yatha anabwera yekha pakhomo pathu kudzapempha Graeme kuti akamumetere nkhosa, chipewa chili m'manja, mphepo ikuwomba yodula makutu. Mukudziwa kuti kuno mlendo sabwerera pakhomo asanamwe tiyi, ngakhale wamsonkho amene. Koma Amayi anatsegula chitseko pang'ono chabe, nati, "Imani pomwepo, a Ashcroft. Kukuzizira eti? Amuna anga anakhalamo maola asanu." Anamusiya akudandaula, mano akugundana, mpaka mawu anamuthera. Kenaka anatseka. Dzulo pageti la Ashcroft anaikapo chikwangwani choti famu ikugulitsidwa. Sitinamizira chisoni, Bambo: takondwa, ndipo tikufuna kulikonse akapite mphepo ikamupeze.

Komabe m'nyumba muno mukuzizira. Amayi Noeline amavalabe juzi yanu yobooka pachigongono, safuna kuti wina aisoke. Graeme akamva dzina lanu amatuluka kukawaza nkhuni zimene sitikuzifuna. Ine Raelene ndimaphikabe msuzi wa nyama ya nkhosa wochuluka, kuiwala kuti mbale yanu kulibenso woidya. Azakhali a Beryl akuti mukadakhalapo mukadatikalipira tonse chifukwa cha nkhani ya pakhomoyi, ndipo tikudziwa kuti akunena zoona. Bwenzi titalandira kukalipako ndi manja awiri.

Usani mumtendere kumene kulibe chisanu. Inu sitidzakuiwalani, Bambo, ndipo naye amene anakutumani kuphiri sitidzamuiwala.

Akazi anu Noeline, ana anu Graeme ndi Raelene, ndi mlongo wanu Beryl.