Chitseko Pakati pa Mapasa

Lolemba, 11 Januwale

Aphunzitsi a mapasa aimba foni m'mawa ndili pa makina, ndikusoka diresi la mwini. Akuti mwana wina m'kalasi mwawo wapezeka ndi korona, onse akayezetse. Diresi ndalisiya singano ili momwemo.

Kuchipatala mzere mpaka pageti. Kaphokoso anakuwa ngati akumuzula dzino pomwe kathonje kamalowa m'mphuno. Kachete anangotsinzina, misozi ili chuchuchu, mawu osatuluka.

Kaphokoso ali nayo. Kachete alibe. Anamwino atamva kuti Kachete ali ndi mphumu, nkhope inasintha. "Bambo, awiriwa muwalekanitse lero lomwe. Chipinda chake, kapu yake, zonse zake."

Ana oti akhala akugona limodzi kuyambira m'mimba!

Lachiwiri, 12 Januwale

Tagawana ana. Mayi awo alowa ndi Kaphokoso kuchipinda chathu n'kutseka. Ine ndi Kachete pabalaza, pa matiresi. Chakudya ndikumaika pampando pakhomo, ndigogode, ndibwerere m'mbuyo ngati wakuba.

Chimbudzi ndi chimodzi, mutu ukundiwawira pamenepo. Akangotulukamo ndikumapopera mankhwala, zogwirira zitseko, pansi, paliponse.

Mwini diresi ndamuuza pafoni. Akuti, "Atelala, likhale kaye konko, silithawa." Dzana lomweli ankandithamangitsa.

Lachitatu, 13 Januwale

Kaphokoso thupi moto. Sakudya, sakulongolola. Nyumba yangoti zii, sindikuizindikira.

Lachinayi, 14 Januwale

Ndimachokera kokayanika zovala, ndapeza Kachete atagona chafufumimba, pakamwa ali pampata wapansi pa chitseko, akunong'onezana ndi mnzake. Pambali pake kapu yofiira ija, ya Kaphokoso, yomwe ndinaiwala pampando. Mulibe kanthu.

Ndinamukoka mkono. Ndinakalipa kwambiri, ndikudziwa. Ndati wamwera? Wangogwedeza mutu kuvomera. Ndati chifukwa chiyani?

"Ndikufuna ndidwale nanenso, Ababa, kuti mundilowetse."

Mkatimo mayi awo: "Bambo a mapasa, kwachitika chiyani?" Ndati palibe. Kenaka ndawauza. Angoti, "Kampope kake ka mphumu kakhale pafupi."

Mpata uja ndatseka ndi zidutswa za nsalu. Kachete sakundiyankhula.

Lachisanu, 15 Januwale

Ndikungomuyang'ana pachifuwa. Akakhosomola pang'ono mtima phaa. Ndapoperanso nyumba yonse, ngakhale matiresi.

Kaphokoso wapempha madzi a malalanje, ndipo wadandaula kuti ndi owawasa. Mayi ake akuti akayamba kudandaula ndiye kuti akuchira.

Loweruka, 16 Januwale

Kachete wadzuka chifuwa chikulira ngati kamwana ka mphaka, mapewa akukwera ndi kutsika. Kampope kathandiza pang'ono chabe. Ndamubereka, ndathamanga naye kuchipatala. Njira yonse m'mutu muli kapu ija basi.

Amupumitsa mankhwala pa makina, mpweya wabwerera. Amuyeza. Podikira ndinalephera kukhala pansi. Kachete anandigwira chala, koyamba chikalipireni.

Alibe! Koma anamwino aja anandinunkhiza malaya. "Bambo, mukupopera chiyani kunyumbako? Kangati?" Nditawauza anagwira m'chiuno. Akuti fungo limenelo ndilo lamutsekera mwana chifuwa. Sopo ndi madzi n'zokwanira, ndipo nditsegule mawindo. Manyazi ake! Ndimati ndikumuteteza.

Akuti za kapu zija sitinganene kuti zatha, ndibwerenso naye sabata yamawa.

Lachiwiri, 19 Januwale

Mawindo onse pululu. Ana apeza njira yawo: Kachete amaima panja patali pa chingwe cha zovala, Kaphokoso pawindo la kuchipinda, n'kumakwinyirana nkhope. Dzulo anayambana pa nkhani ya chidole, wina mkati wina kunja. Sindinawaletse.

Mayi awo mawu asasa. Akuti n'chifukwa choimbira mwana nyimbo. Hmm.

Lachinayi, 21 Januwale

Kachete amuyezanso, alibe. Anamwino akuti Kaphokoso akhoza kutuluka mawa, masiku akwana ndipo thupi linasiya kutentha kalekale. Ndawafotokozera za mawu a mayi awo. Akuti abwere ayezetse.

Apita okha masana, atavala zophimba pakamwa ziwiri, akuyenda pang'onopang'ono. Pobwera sanandiyang'ane. Adutsa pakhonde, alowa kuchipinda, atseka. Kenaka foni yanga yalira, iwo ali kuseri kwa khoma lomweli.

"Ndili nayo. Ana musawauze lero."

Lachisanu, 22 Januwale

Ndamusambitsa Kaphokoso, ndamuveka zochapa. Atangofika pabalaza awiriwa anagwerana pansi, kuseka, kukokana tsitsi. Nyumba yadzazanso.

Patapita kanthawi Kaphokoso anaima, n'kuyang'ana kuchipinda. "Nanga Amama? Satuluka?"

Mkatimo munamveka kukhosomola, kouma, kotalika. Ndinafika pachitseko, dzanja lili kale pa chogwirira.

"Bambo a mapasa," mawu ali pansipansi, "musatsegule."

Ndachotsa dzanja. Ana onse awiri andigwira thalauza, wina uku wina uku, akudikira ndiwayankhe.